Sewero Limene Anandiletsa Kuphamo Munthu

Ndikukumbukira fungo la kalasi yathu ya Sitandade 7 nyengo ya chiperoni: majuzi onyowa, fumbi la choko, ndi mapazi a ana amene tinkafika titaponda matope a m'minda ya tiyi. Sukulu yathu inali m'munsi mwa phiri, pamalire a esiteti ndi midzi, ndipo mawindo ake analibe magalasi. Nkhungu ikatsika inkangolowa n'kukhala nafe m'kalasi ngati nayonso inalembetsa. Aphunzitsi athu anali a Namaona, bambo wamtali, wosapupuluma, amene ankayenda ndi ambulera ngakhale dzuwa likuswa mtengo.

Tsiku lina a Namaona anatiuza kuti pa tsiku lotsekera sukulu kalasi iliyonse idzaonetsa kanthu kwa makolo. A Sitandade 8 anali ndi kwaya yawo. A Sitandade 6 anali ndi anyamata odziwa kupidiguka ndi kuyenda ndi manja. Ife tinalibe kalikonse, chifukwa kuimba kwathu kunkathamangitsa ndi agalu omwe. Aphunzitsi ananena mosabisa kuti kalasi yopanda choonetsa ndiyo idzanyamule mabenchi kupita nawo pabwalo, kenako n'kukhala pansi kuonerera anzawo. Zimenezo zinandiwawa kwambiri. Ndinaimika mkono ndisanaganize n'komwe, n'kunena kuti ine ndilemba sewero.

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Sewero lolembedwa papepala ndinali ndisanalionepo. Ndinkangomva a pa wailesi ya amalume anga, mabatire akakhala kuti ali ndi mphamvu. Koma liuma ndinabadwa nalo, ndipo aphunzitsi ankalidziwa.

"Mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere imufotere yekha," anatero a Namaona. "Lemba, Felista. Likakanika, benchi yoyamba udzanyamula ndiwe."

Kuti mumvetse zimene ndinalemba, ndinene kaye za kwathu. Bambo anga anakwera lole yopita ku Kasungu, kukagwira utenanti m'mafamu a fodya, ine mano akutsogolo atangoguluka. Anati adzabwera fodya akagulitsidwa. Fodya anagulitsidwa, anzawo anabwerera, ena ndi njinga, ena ndi wailesi, ena ndi chifuwa chokha, koma iwo ayi. Tinkamva kuti ali moyo, ndipo ena ankanong'ona kuti anakwatira komweko. Amayi anayamba kuthyola tiyi ku esiteti. Ankachoka m'mamawa atadzikulunga pepala la pulasitiki kuti mame asawanyowetse, n'kubwera madzulo zala zitada, zitang'ambikang'ambika. Dzina la bambo sankalitchula, kaya mokwiya kaya mwachisoni. Ine ndiye ndinali ndi mkwiyo wokwanira anthu awiri, ndipo ndinalibe poutula.

Ndiye ndinautula m'kope. Ndinkalemba masana pakhonde, kuyambira kumbuyo kwa kope la zaulimi, popeza lina lopatula ndinalibe. Sewero langa linali la munthu wotchedwa Jailosi amene anasiya mkazi wake Malita ndi ana n'kupita ku utenanti. Ndinkakhulupirira ndithu kuti ndikasintha dzina palibe angazindikire kanthu. Jailosi anakwatira mkazi wina, ndipo tsiku lina akupachika fodya anagwa kuchokera pamwamba pa chigafa n'kufera pomwepo. Ndinamva kukoma polemba zimenezo. Kenako ndinaona kuti sindikudziwa chochita ndi mkazi wachiwiri uja, choncho anakokoloka ndi mtsinje. Munthu amene anabweretsa mtembo kumudzi atangomaliza kufotokoza, njoka inamuluma. Malita anathamangitsidwa panyumba ndi abale a mwamuna wake n'kufa ndi chisoni, ana anafa ndi njala, ndipo m'busa amene anabwera kudzawaika anakanthidwa ndi mphenzi. Kumapeto kunkatsala munthu mmodzi yekha, woimirira pakati pa mitembo n'kuuza makolo phunziro la nkhaniyo, ndipo gawo limenelo ndinadzisungira ndekha.

A Namaona analiwerenga nthawi yopuma, atakhala pachitsa, akudya mbatata yootcha. Ine ndinaima pambali kudikira kuti alire. Sanalire. Anandifunsa kuti Malita akuthamangitsidwa ndi ndani, ndipo nditayankha kuti ndi abale a mwamuna, anandifunsanso kuti nyumba imene ife timakhala ili pa malo a yani. Kwathu mwamuna ndiye amabwera kudzakhala kwa mkazi. Munda ndi malo ndi za akuchikazi, ndipo wothamangitsidwa, akakhalapo, amakhala mkamwini. Zimenezi ndinkazidziwa bwinobwino, ndinkadzuka nazo ndi kugona nazo, koma ndinalemba zimene ndinamva pa wailesi, za anthu a kwina, chifukwa ndinkaganiza kuti nkhani yeniyeni iyenera kumveka choncho.

"Kandimverere anakanena za m'maluwa," anatero aphunzitsi. "Ukadzaonetsa zimenezi, amayi a kuno adzaseka mpaka kugwa pabenchi. Lemba zimene maso ako aona."

Za imfa zija anangoti anthu anga akutha ngati nkhuku za chitopa. Ndinawayankha molimba mtima kuti sewero labwino ndi loliritsa. Anapukuta zala pa mpango wawo n'kundibwezera kope.

Ndinakonza za Malita, imfa zonse n'kuzisiya momwemo. Tinayamba kuyeserera tikaweruka, pansi pa mabulugamu a kuseri kwa kalasi, ndipo pamenepo ndi pamene ndinadziwa kuti ana amakonda kufa. Aliyense ankafuna kufa msanga ndiponso kwa nthawi yaitali. Katswiri anali Lufeyo, mnyamata wowonda wa miyendo yaitali, amene anali Jailosi. Ankakwera padesiki, imene inali chigafa chathu, n'kudzigwetsa pansi kuti khu, kuphupha, kutulutsa lilime, kenako zii. Tinkamufunditsa chitenje kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Malita anali Enelesi, mnzanga wa mawu akuthwa, amene anali atapita kumaliro ambiri ndi azakhali ake moti kalilidwe kake ankakadziwa konse, kukoka mawu ndi kutchula mayina komwe. Ndinamuuza kuti mtembo wa Jailosi ukafika kumudzi azilira ndi mtima wonse, asamachite manyazi.

Chimene sindinaganize n'chakuti njira yochokera kusikelo, kumene amayi a m'mudzi ankapimitsa tiyi wawo, inkadutsa chapafupi pomwepo. Kwathu kulira kotero si koseweretsa. Ndi mmene mudzi umadziwira kuti kwagwa zovuta, ndipo wakumva safunsa, amangosiya chimene wagwira n'kuthamanga. Masana ena Enelesi anakweza mawu kuposa masiku onse, atsikana ena n'kumuthandiza. Tinangoona amayi akutulukira m'tiyi, madengu atatayidwa m'njira, ena atayamba kale kulira, akufunsana kuti ndi mwana wa yani. Patsogolo panali amake Lufeyo, mayi wamfupi wa mawu ochepa, amene anali akadavala duku lakuda chifukwa amuna awo anali atamwalira chaka cham'mbuyocho. Anaona miyendo yaitali itatulukira kunsi kwa chitenje ndipo anaizindikira. Anavundukula nsalu. Lufeyo, mwana wopanda nzeru, anatsegula diso limodzi n'kumwetulira.

Sanamumenye nthawi yomweyo. Anakhala kaye pansi, pamasamba a bulugamu, atagwira pachifuwa, akupuma ngati munthu wokwera phiri. Atadzuka anayamba kuyankhula Chilomwe, chimene kwathu akuluakulu ankayankhula zinthu zikafika pothina, ndipo ngakhale ife amene tinkangomva pang'ono tinamva zonse. Anamukoka Lufeyo ndi khutu mpaka kumsewu. Amayi enawo anatikalipira kuti tikuchita malodza, kuti mwana wogona ngati maliro amaitana maliro enieni, ndipo aliyense anatenga wake. Ndinatsala ndekha ndi desiki ndi chitenje cha eni.

M'mawa mwake ahedi anaitana a Namaona ku ofesi. Chigamulo chinali chachifupi: palibe mwana adzagone pansi ngati wakufa, palibe kufunditsana nsalu, palibenso kulira maliro pasukulu. Sewero likhale lopanda mtembo, apo ayi lisakhalepo. Anzanga amene dzulo lake ankalimbirana kufa anayamba kundilambalala, ndipo mnyamata wina anandifunsa ngati ndimakonda kunyamula benchi kutsogolo kapena kumbuyo. Ndinapsa mtima koopsa. Ndinayang'ana m'kope langa ndipo ndinaona kuti ndikachotsamo imfa, mutsala munthu wokwera lole basi. Komabe ndinalumbira mumtima kuti benchi sindinyamula, ndiponso kuti ena onse akhoza kupulumuka, koma Jailosi yekha afe ndithu.

Loweruka ndinapita kwa amake Lufeyo kukawapempha. Ndinawapeza pabwalo akusenda chinangwa choti ayanike makaka, makoko ali mulu pambali pawo. Ndinagwada monga mwa mwambo, koma mtima sunagwade.

"Ndachotsamo onse, amayi," ndinatero. "Watsala Jailosi yekha. Sitimufunditsa nsalu, sitilira. Angogwa kuseri kwa chitseko basi."

"Kuseri kwa chitseko sikufa anthu?"

"Ndi sewero chabe, amayi."

"Sewero," anabwereza, mpeni ukuyendabe pachinangwa. Anasenda chimodzi chonse asanapitirize. "Iwe mwanawe, Jailosi wakoyo ukuyesa sitikumudziwa? Mudzi wonse ukumudziwa, ndi kayendedwe kake komwe. Amuna anga ndinawafunditsa nsalu ndi manja angawa, ndipo sanatsegule diso. Bambo ako akudya, akusamba, kaya ndi kuti. Nde iwe ukufuna ukawaphe pabwalo, amako ali pabenchi akuonerera?"

Ndinkaganiza kuti chinsinsi changa n'chobisika bwino, osadziwa kuti chinali pambalambanda ngati phiri. Ndinayesanso kunyengerera, ndinanena za mabenchi, ndinanena kuti Lufeyo ndiye wodziwa kugwa kuposa onse, koma anatemetsa nkhwangwa pamwala.

"Lufeyo asewere, sindikukaniza," anatero pomaliza. "Koma alowe ndi miyendo yake, atulukenso ndi miyendo yake." Anadula kachidutswa ka chinangwa n'kundipatsa kuti ndizidya m'njira. Ndinakadya ndikulira ndi mkwiyo, ndipo kanali kotsekemera.

Lolemba ndinauza a Namaona zonse, n'kuwafunsa kuti Jailosi ndimutani tsopano. Anatsamira pa ambulera wawo n'kundiyang'ana ngati munthu amene wakhala akudikira funso limeneli.

"Ukudziwa chifukwa chimene umaphera anthu ako?" anatero. "Ukafika pamene sukudziwa chimene munthu anganene, umamuitanira njoka. Kumeneko n'kuthawa ntchito. Musiye Jailosi akhale moyo, umubweze kwawo, aime pakhomo pa mkazi wake. Kulemba kwako kuyambira pamenepo."

Ananena ngati n'zapafupi, koma sizinali zapafupi. Kuchotsa anthu osafunika kunali kosavuta, ngakhale kunandidanitsa ndi anzanga. Mkazi wachiwiri anachoka, wobweretsa mtembo anachoka, m'busa wa mphenzi uja anasanduka dalaivala wa lole ndipo sanandiyankhule sabata yonse. Jailosi ndinamubweza mpaka pakhomo, chikwama m'manja. Pamenepo cholembera changa chinaima. Kodi Malita anene chiyani?

Poyamba ndinamulembera ulaliki. Malita anaimirira n'kuwerengera Jailosi zolakwa zake zonse, tsamba ndi tsamba, ndi miyambi yonse imene ndinkaidziwa, ndi mavesi a ku Sande sukulu pamwamba pake. Ine ndinaona kuti n'zokoma kwabasi. Enelesi anayamba kuwerenga mokweza, mpweya n'kumuthera pakati, n'kutsitsa kope.

"Felista, amayi ako amayankhula chonchi?" anandifunsa. "Anga atayankhula chonchi ndingawatengere kuchipatala."

Ndinakwiya, koma nditawerenga ndekha mokweza kuseri kwa nyumba ndinamva kuti akunena zoona. Mawu amene papepala ankaoneka onenepa, pakamwa ankamveka ngati a munthu wofuna mavoti. Kuyambira pamenepo sindikhulupirira mzere uliwonse ndisanaumve ndi khutu. Ndinang'amba masambawo n'kuyesa zina. Ndinalemba kuti Malita akuthamanga kukakumbatira mwamuna wake n'kumukhululukira, koma Enelesi anati Lufeyo sangamukhudze ngakhale ndi ndodo, ndipo ine ndemwe sindinazikhulupirire. Ndinalemba kuti akumuthamangitsa ndi mthiko. Zimenezo anzanga anazikonda kwambiri, makamaka Enelesi, ndipo ndinatsala pang'ono kuzisiya choncho. A Namaona anationerera n'kunena kuti anthu adzaseka ndithu, kenako adzaiwala asanafike pamsewu. Ndinang'ambanso. Kope la zaulimi linayamba kuwonda, ndipo mpaka lero za kasinthasintha wa mbewu sindizidziwa bwino.

Tsiku lotsekera linkayandikira, ndipo ndinali ndi sewero lopanda mathero. Ndinadziwa kuti munthu mmodzi yekha ndiye ali ndi yankho, koma ndinkaopa kumufunsa. Lamulungu masana, chiperoni chikuwaza, ine ndi amayi tinakhala pakhonde tikusenda nandolo wamuwisi. M'nyumba munkamveka madzi akudontha m'beseni. Ndinafunsa ndikuyang'ana m'lichero.

"Amayi, bambo atatulukira pano lero, mungawauze chani?"

Zala zawo zinaima pang'ono, kenako zinapitiriza. Anandiuza kuti ndisamataye nandolo pansi. Ndinati basi, ndalakwitsa, ndipo tinasenda mpaka nandolo anatha. Anadzuka n'kulowa m'nyumba, anatuluka ndi beseni lija litadzaza, n'kukhuthula madzi pabwalo. Anaima kanthawi beseni lili m'manja, akuyang'ana kumsewu.

"Ndingawauze kuti denga likudontha," anatero. "Udzu ndinamweta kale, uli kuseri." Atatero analowanso m'nyumba kukabwezera beseni pamalo pake.

Kwathu kufolera nyumba ndi ntchito ya mwamuna, ndipo mkamwini amadziwika ndi denga lake. Lathu ankalikonza ndi amalume, akapeza mpata, modandaula. Zimenezi ndinkazidziwa, komabe ndinakhumudwa ndi yankho la amayi. Linali laling'ono kwambiri. Munalibe mwambi, munalibe misozi, munalibe ngakhale kutukwana. Ndinalilemba m'kope chifukwa ndinalibe lina, kenako ndinaliwerenga mokweza. Ndinaliwerenganso. Sindinathe kudziwa ngati Malita wamukhululukira Jailosi kapena ayi, ndipo ndinaona kuti mwina ndi Malita yemwe sakudziwa. Ndinachotsa zonse zimene zinali pambuyo pa mawu amenewo. Lomaliza kuchoka linali gawo langa lija, loimirira n'kupereka phunziro. Linandipweteka kuposa onse, chifukwa ndinali nditaliloweza kale ndiponso nditasankha diresi.

M'mawa wa tsiku lotsekera kunacha bwino, phiri likuoneka lonse mpaka mathanthwe a pamwamba. Amayi sanadzikulunge pulasitiki yawo. Anatsegula sutikesi ya pakona n'kutulutsa jekete yabulauni ya bambo, yonunkha chinyezi, yopindidwa mosamala. Za zimene zili m'sewero ndinali ndisanawauzepo.

"Ukapatse Lufeyo," anatero. "Munthu wochokera kuulendo sabwera ndi yunifolomu ya sukulu."

Mabenchi ananyamula ndi a Sitandade 5, ndipo ndinawaonerera mosabisa chimwemwe changa. Makolo anadzaza pabwalo, amayi mbali ina atayala zitenje, abambo pamabenchi, ana aang'ono m'mitengo. Kwaya inaimba, anyamata anapidiguka, kenako inafika nthawi yathu. Nyumba ya Malita inali mphasa imene anyamata awiri anaiimika. Anthu anaseka poona lole, chifukwa dalaivala wathu anathera mkwiyo wake wonse pa kulira kwa injini. Anasekanso Jailosi akuvutika ndi fodya ku Kasungu, akugona ndi njala, akunamizira anzake kuti abwerera mwezi wamawa. Ine ndinali kuseri kwa mphasa, kope m'manja.

Kenako Lufeyo anatulukira chakumsewu atavala jekete ija. Inamufika m'mawondo ndipo ana anaseka, koma akuluakulu sanaseke. Ankayenda pang'onopang'ono, mayendedwe a munthu amene sakudziwa ngati galu wa panyumba amukumbukira. Anaima pakhomo n'kunena kuti odi. Enelesi anali atakhala pansi akupeta mphale, ndipo sanadzutse mutu. Anapeta, anapetanso, n'kuuzira madeya.

"Mwabwera?" anatero, maso ali m'lichero. "Denga likudontha. Udzu uli kuseri."

Lufeyo anaima pang'ono. Anavula jekete, anaipinda n'kuiika pamtondo, n'kuzungulira kuseri kwa mphasa. Sewero linathera pamenepo.

Pabwalo panali zii, ndipo ndinataya mtima. Ndinati sanamve, akudikira kuti wina agwe. Kenako mayi wina kumbuyo anaimba nthungululu yaitali, wina n'kulandira, ndipo mbali yonse ya amayi inaphulika. Ena ankaseka, ena ankaomba m'manja, ena ankapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Afolere kaye ameneyo!" anakuwa mayi wina, anzake n'kuvomera. Abambo ambiri ankangoyang'ana nsapato zawo. Amake Lufeyo ndinawaona akuseka atatseka pakamwa ndi dzanja, mwana wawo atatulukira kuseri kwa mphasa ali wamoyo, akuweramira anthu mopitiriza muyeso. A Namaona anangondigwedezera mutu ali patali. Amayi anga okha sanaseke ndipo sanaombe m'manja. Anangokhala pachitenje chawo, akuyang'ana pakhomo la mphasa lija ngakhale anyamata atayamba kale kuipinda.

Pobwerera tinadutsa m'minda ya tiyi, iwo patsogolo, jekete ili pamkono. Ndinkadikira kuti andikalipire poulula za m'nyumba pagulu, kapena andiyamikire.

"Enelesi wafulumira," anatero osacheuka. "Ine ndikanawasiya aime kanthawi."

Ndakhala ndikulemba zaka zambiri kuchokera pamenepo, ndipo anthu ophunzira andikonzera zolemba zanga ndi zolembera zofiira, koma palibe amene anandikonza molondola ngati mmene anachitira amayi tsiku limenelo.

Masiku ano zinthu zinasintha. Sukulu ija ili ndi magalasi m'mawindo, nyumba zambiri za kwathu n'zamalata, ndipo amuna sakweranso lole za ku Kasungu kwambiri, amapita ku Joni, kumene ena amaimba foni, ena n'kusintha nambala. Ana amajambulana masewero pafoni, wina atagona m'bokosi lenileni, ndipo palibe mayi wotaya dengu n'kuthamanga. Achinyamata ofuna kulemba amanditumizira nkhani zawo pafoni yomweyo. Ndimazikonda, chifukwa ndimaona liuma langa lija mwa iwo. Koma pafupifupi zonse zimathera kumanda. Galimoto igunda wina, wina amwa tameki, wotsalayo aimirira n'kutiuza phunziro. Ena amalemba za mizinda imene sanaipondepo, za anthu oyankhula ngati a m'mafilimu, pamene pakhonde la kwawo pali mayi amene angawapatse mzere umodzi woposa tsamba lawo lonse akanakhala kuti anamufunsa n'kudikira. Palibenso amake Lufeyo oti awaletse, choncho ndimawaletsa ndine. Ndimawabwezera nkhani zawo n'kuwauza kuti munthu amene wawavutayo amudzutse, alowe ndi miyendo yake, akumane ndi amene anawalakwira, ndipo wolembayo akhale pomwepo mpaka amve chimene chinenedwe. Ambiri amakwiya. Ena sabweranso, koma amene amabweranso amabwera ndi nkhani.

Bambo anga sanabwere. Uthenga wa imfa yawo unatipeza ine ndili kale ndi ana anga, ndipo anaikidwa komweko, pakati pa anthu amene ife sitinawadziwe. Pa zaka zonse zimene amayi anadikira, anawaona amuna awo akufika pakhomo kamodzi kokha, pabwalo la sukulu lija, ndipo ine ndinachita makani onse amene ndikanatha kuti ndiwamane ngakhale kamodziko.